Mtengo wa Nyumba pa Sikweya Mita: Kawerengedwe Kake Musanagule Nyumba kwa Katunga

Munthu akamagulitsa nyumba kuno kwathu amatchula zipinda: "Ndi ya zipinda zitatu, yamalata, magetsi alimo." Akatero amatchula mamiliyoni, wogula n'kuyamba kunenerera. Vuto ndi lakuti chipinda si muyeso. Pali chipinda cholowa bedi ndi kabati n'kutsala malo oswalira, ndipo pali china chimene mukangoikamo bedi chitseko chimakana kutseguka. Zonsezi zimatchedwa chipinda, ndipo wogulitsa amaziwerenga mofanana.

Akatswiri oona za mitengo ya nyumba amagwiritsa ntchito muyeso umodzi umene sukondera: mtengo wa sikweya mita imodzi. Nkhani ino ikufotokoza tanthauzo la muyesowu, kawerengedwe kake, ndi zimene muyenera kuonjezerapo musanatulutse ndalama. Tatenga dera la Mfumu Katunga m'boma la Chikwawa ngati chitsanzo, poti mabanja ambiri a kunyanja amafika kuchigwa cha Shire pa malonda a nsomba, pa ntchito za m'minda ya nzimbe, kapena potumizidwa ndi boma. Koma masamu ake ndi omwewo ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota.

Sikweya mita n'chiyani?

Sikweya mita ndi kamalo kotalika mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi. Kuti mupeze kukula kwa nyumba, yezani mulitali ndi mulifupi, kenako chulukitsani manambala awiriwo. Nyumba ya mamita 10 mulitali ndi mamita 8 mulifupi ili ndi masikweya mita 80.

Amisiri ambiri akale amayeza ndi mafiti, ndipo mafumu ndi alimi amakamba za maekala. Miyeso imeneyi imasinthidwa motere:

Fiti imodzi ndi masentimita pafupifupi 30 ndi theka.
Sikweya mita imodzi ndi masikweya fiti pafupifupi 10.8.
Ekala imodzi ndi masikweya mita 4,047, ndiye kuti malo a mamita pafupifupi 64 mbali zonse.
Hekitala imodzi ndi masikweya mita 10,000, pafupifupi maekala awiri ndi theka.
Puloti ya mafiti 50 kwa 100 ndi masikweya mita pafupifupi 465, ndipo ya mamita 15 kwa 30 ndi masikweya mita 450.

Kayezedwe koyenera

Gulani tepi yoyezera kapena bwerekani kwa mmisiri. Kuyeza ndi mapazi n'kumene kumabweretsa milandu, chifukwa phazi la wogulitsa ndi la wogula sizifanana. Puloti imene mwauzidwa kuti ndi 15 kwa 30 ikapezeka kuti ndi 13 kwa 28, mwalandira masikweya mita 364 m'malo mwa 450. Mamita awiri okha mbali iliyonse akudyerani pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a malo onse.

Poyeza nyumba, sankhani njira imodzi ndipo muitsate pa nyumba zonse zimene mukuyerekeza. Mukayeza kunja, makoma amawerengedwa nawo. Mukayeza m'kati, sawerengedwa. Khoma la njerwa ziwiri limakhala lokhuthala masentimita pafupifupi 23, choncho nyumba ya 10 kwa 8 ija, imene kunja ili ndi masikweya mita 80, m'kati imatsala ndi 72, musanachotse makoma ogawa zipinda. Mukayeza nyumba imodzi kunja ina m'kati, masamu anu anama.

Nyumba yopinda ngati chilembo cha L muziigawa zigawo ziwiri, kuyeza chilichonse pachokha, kenako n'kuphatikiza. Khonde, khitchini yapanja, bafa ndi chimbudzi chapanja muzizilemba padera. Sizidya ndalama zofanana ndi chipinda chogona, ndiye wogulitsa akaziphatikiza m'kati mwa nyumba, nyumbayo imaoneka yotsika mtengo kuposa mmene ilili.

Kawerengedwe ka mtengo

Tengani mtengo umene watchulidwa, muugawe ndi kukula kwa nyumba. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza pofuna kuonetsa masamu, si mitengo ya pamsika.

Tinene kuti mwapeza nyumba ziwiri. Yoyamba ili pafupi ndi msewu wa M1, ndi ya masikweya mita 80, ndipo mwiniwake akufuna K24,000,000. Mukagawa mupeza K300,000 pa sikweya mita. Yachiwiri ili m'mudzi chakumunsi cha kumtsinje, ndi ya mamita 12 kwa 10, ndiye kuti masikweya mita 120, ndipo mtengo wake ndi K30,000,000. Mukagawa mupeza K250,000 pa sikweya mita.

Pofika apa nyumba yachiwiri ikuoneka yabwino. Ndalama zake zonse n'zambiri, koma sikweya mita iliyonse ndi yotsikirapo ndi K50,000. Anthu ambiri amalekera pomwepa, ndipo mpamene amalakwitsa.

Patulani malo ndi nyumba

Pogula nyumba mumagula zinthu ziwiri: malo ndi chimene chamangidwapo. Ziwirizi zimayenda mosiyana. Malo a pamsewu amakwera mtengo zaka zikamapita, pomwe nyumba imakalamba: malata amachita dzimbiri, chiswe chimadya mapaso, makoma amang'aluka.

Funsani mtengo wa puloti yopanda nyumba ya kukula komweko m'dera lomwelo, ndipo muuchotse pa mtengo wonse. Tinene kuti pafupi ndi nyumba yoyamba puloti yotere ikugulitsidwa K6,000,000. Nyumba payokha yatsala K18,000,000, ndipo mukagawa ndi 80 mupeza K225,000. Pafupi ndi nyumba yachiwiri puloti ndi K1,200,000. Nyumba payokha yatsala K28,800,000, ndipo mukagawa ndi 120 mupeza K240,000. Tsopano zasinthana: imene imaoneka yotchipa ndiyo ikukulipiritsani zambiri pa njerwa ndi malata, ili pa malo amene anthu sakuwalimbirana.

Nambala yatsalayi muiyerekeze ndi mtengo womangira nyumba yatsopano. Pitani kwa amisiri awiri kapena atatu odalirika, muwapatse kukula kwa nyumba, akulembereni ndalama za simenti, njerwa kapena mabuloko, mchenga, miyala, matabwa, malata, zitseko, mawindo ndi malipiro awo. Gawani chiwerengerocho ndi masikweya mita. Ngati nyumba ya zaka 15 ikugulitsidwa pa mtengo wa sikweya mita wofanana ndi womangira yatsopano lero, muli ndi poyambira ponenerera.

Msewu ndi ntchito

Mbiri ya kwa Katunga imaonetsa bwino mmene njira imapangira mtengo wa malo. Katunga anali mmodzi mwa Amakololo amene anabwera ndi David Livingstone n'kukhazikika m'chigwachi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, mudzi wake unali doko lotchuka. Sitima zapamadzi za kampani ya African Lakes, imene anthu ankaitchula kuti Mandala, zinkalekera pamenepo chifukwa kumtunda kwake kuli mathithi. Katundu ankasenzedwa pamutu kukwera mapiri mpaka ku Blantyre, kenako ku Matope, n'kukakweranso sitima yopita kunyanja. Njanji itafika ku Blantyre mu 1908, katundu anasiya kudzera padokolo ndipo malonda anasamukira kwina.

Lero njira imene ikukoka anthu ndi msewu wa M1, wochokera ku Blantyre, mtunda wa makilomita pafupifupi 50, kutsika mapiri mpaka pa Thabwa, kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kudzera pa Dyeratu kulowera ku Nchalo, Ngabu, Bangula ndi Nsanje. Puloti yoyang'ana msewu umenewu itha kumangidwa sitolo kutsogolo, n'chifukwa chake sikweya mita yake siifanana ndi ya puloti imene njira yake imadutsika pa njinga yokha nthawi ya dzinja.

Chachiwiri ndi ntchito. Fakitale ya shuga ya Illovo ku Nchalo, fakitale ya PressCane, minda ya nzimbe ya alimi a ku Kasinthula, ndi maofesi a boma pa Chikwawa zimabweretsa anthu ofuna nyumba za lendi. Palinso ntchito ya Shire Valley Transformation Programme, imene ikukumba ngalande yaikulu yochokera ku Kapichira pofuna kuthirira mahekitala oposa 43,000 m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje. Ogulitsa amakonda kuitchula pokweza mitengo. Wogula afunsitse ngati malo amene akusonyezedwawo sali m'gawo la minda imene alimi anaphatikiza kukhala ya kopaletivi, kapena m'njira ya ngalande, poti malo otere munthu mmodzi sangawagulitse kuti pamangidwe nyumba.

Madzi, dothi ndi kutentha

Madzi amene amatuluka m'nyanja pa Mangochi, kudzera ku Malombe ndi pa baraji ya Liwonde, ndi omwewo amafika kwa Katunga, ataonjezeredwa ndi mitsinje yotsika m'mapiri. Mabanja a kunyanja amene anaona madzi akulowa m'nyumba mu 2024 safuna kuuzidwa kuti nyumba ziwiri zofanana zimasiyana mtengo chifukwa cha pamene zakhala. Kuchigwa nkhaniyi ndi yaikulu koposa. Madzi anasefukira mu January 2015, mu March 2019 nthawi ya namondwe wa Idai, mu January 2022 pamene namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira ndi kudula msewu wa M1, komanso mu March 2023 nthawi ya namondwe wa Freddy.

Zaka zinayi zimenezi ndiwo mafunso anu. Funsani anthu oyandikana nayo, osati mwini nyumba yekha, kuti chaka chilichonse mwa zimenezi madzi analekera pati. Yang'anani mzere wa matope pakhoma la chimbudzi, pampanda ndi pa nyumba za ena, chifukwa nyumba yogulitsa imapakidwa penti yatsopano. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Onaninso kutalika kwa maziko kuchokera pansi. Nyumba imene inamangidwa pa maziko okwera, ndi simenti m'munsi monse, inadya ndalama zambiri pa sikweya mita ndipo ndi yoyenera mtengo wokwererapo. Ya njerwa zomangira matope, ngakhale ikhale ya pulasitala wosalala, imafewa madzi akaima masiku awiri.

Mbali zambiri za chigwachi zili ndi dothi lakuda la makande. Limafufuma likanyowa, n'kung'aluka likauma, ndipo limagwedeza maziko chaka ndi chaka. Mng'alu wopendekera wochoka pa ngodya ya windo kapena ya chitseko, makamaka wolowa chala, ukusonyeza kuti vuto lili pansi. Kukonza kwake ndi kodula, ndipo ndalamazo zichotsedwe pa mtengo musanagawe ndi masikweya mita.

Madzi akumwa nawo ali ndi mtengo wake. M'madera ena a Chikwawa mijigo imatulutsa madzi amchere, choncho lawani madzi a pa mjigo wapafupi, ndipo ngati pali mpope wa Southern Region Water Board, onani bilu yomaliza. Chitaninso chimodzimodzi ndi magetsi a ESCOM: dziwani ngati mita ili m'dzina la mwini nyumba kapena waya wangochokera kwa mnzake.

Pomaliza pali kutentha. M'miyezi ya October ndi November kuchigwa kumafika madigiri 40 n'kupitirira. Sikweya mita imayeza pansi pokha, siiona kutalika kwa khoma. Nyumba ya makoma aatali, ya siling'i, ya mawindo oyang'anizana ndi mitengo ya mthunzi pabwalo imagoneka, pomwe yofupika ya malata opyapyala imatulutsa banja lonse kukagona panja. Funsani geji ya malata: nambala ikakhala yaing'ono, malata ndi okhuthala, choncho a 28 amaposa a 32.

Mapepala a malo

Nyumba ziwiri zofanana kukula ndi kamangidwe zimasiyanabe mtengo ngati imodzi ili ndi chikalata cha boma ndipo inayo ili ndi kalata ya amfumu yokha. Malo ambiri kwa Katunga ndi a m'manja mwa mafumu. Malamulo a za malo a 2016, amene anakonzedwanso mu 2022, anatsegula njira yolembetsera malo otere m'kaundula kudzera m'makomiti a m'midzi, ndipo anaika malire pa kagulitsidwe kake. Malo a lizi amakhala ndi mapu a wopima malo, nambala, zaka za lizi, ndi msonkho wa chaka ndi chaka umene wogula ayenera kuona ngati unalipiridwa.

Musanapereke ngakhale chikole, pitani ku ofesi yoona za malo ku khonsolo ya Chikwawa mukafunse za mtundu wa malowo ndi njira yovomerezeka yosinthira umwini. Kumudzi, kumanani ndi amfumu, komiti ya za malo ndi abale a wogulitsa, makamaka ngati nyumbayo ndi ya masiye. Nyumba imene mwana mmodzi wagulitsa abale ake osadziwa imakhala yotsika mtengo, koma imabwera ndi mlandu. Ndalama za kupimitsa malo, kusintha dzina ndi za ejenti muziziphatikiza pa mtengo wa nyumba. Dobadoba amadya pa mtengo wokwera, ndiye mawu ake asalowe m'malo mwa tepi yanu.

Mtengo wake ndi wa liti?

Mtengo wa sikweya mita umafunika deti. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 kumabanki. Simenti, malata, misomali ndi penti zinakwera nthawi yomweyo. Choncho mukamva kuti wina anagula nyumba yonga yomweyo pa mtengo wakuti, funsani chaka ndi mwezi. Yerekezani ndi nyumba zitatu kapena zisanu zimene zagulitsidwa posachedwa m'dera lomwelo, ndipo mutenge mtengo umene unalipiridwadi. Wolembedwa pa Facebook kapena pa WhatsApp ndi wongoyambira kukambirana.

Njira ina yoyesera ndi lendi. Chulukitsani lendi ya mwezi ndi 12, kenako gawani mtengo wa nyumba ndi chiwerengerocho. Nyumba ya K24,000,000 ikamalowetsa K150,000 pamwezi, ndiye K1,800,000 pachaka, ndipo ndalama zanu zibwerera patatha zaka zoposa 13. Ya K30,000,000 ikamalowetsa K125,000 pamwezi, zibwerera patatha zaka 20, musanachotse zokonzera ndi miyezi imene nyumba ili yopanda munthu.

Abale amene ali ku Johannesburg, Durban kapena Cape Town ndipo akugula kudzera mwa m'bale, asakhutire ndi zithunzi. Kamera ya foni imakulitsa chipinda. Pemphani miyeso yolembedwa, vidiyo yoonetsa tepi itatambasulidwa, ndi chithunzi cha mapepala, ndipo munthu wachiwiri wosagwirizana ndi woyambayo apite akayezenso.

Pogawa chuma cha masiye

Pabanja la Chisilamu masamu amenewa amafunika kwambiri pa mirathi. Nyumba siiduladulidwa ngati nsalu. Kawirikawiri mmodzi amaitenga n'kulipira anzake, kapena imagulitsidwa, ndipo gawo la aliyense limadalira mtengo umene waikidwa.

Tinene kuti bambo wamwalira, makolo ake anatsogola kale, ndipo wasiya mkazi, mwana wamwamuna mmodzi ndi ana aakazi awiri. Ngongole ndi wasiya zaperekedwa, ndipo chatsala ndi nyumba ya K24,000,000 imene inali yake yekha. Malinga ndi magawo a mu Surah An-Nisa, mkazi alandira gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu, K3,000,000. Zotsala K21,000,000 zigawidwa panayi: mwana wamwamuna K10,500,000, ndipo wamkazi aliyense K5,250,000. Koma mwana wamwamunayo akatenga nyumba atanena kuti ndi ya K16,000,000, mayi alandira K2,000,000 ndipo mlongo aliyense K3,500,000. Magawo atsatidwa bwinobwino, koma amayi atatu alandidwa K4,500,000 kudzera pa mtengo wonama.

N'chifukwa chake mtengo usaikidwe ndi amene akufuna kutenga nyumbayo. Banja liyeze pamodzi, lifunse mitengo ya nyumba zoyandikana, ndipo ngati chumacho n'chachikulu liitane katswiri wovomerezeka woyesa mitengo ya nyumba, amene adzalemba lipoti losainidwa. Ngati mayi anaikapo ndalama zake pomanga, gawo lake lichotsedwe kaye chuma chisanagawidwe. Magawo amasintha malinga ndi amene atsala, choncho Sheikh wodziwa za mirathi akhalepo. Dziwaninso kuti lamulo la dziko la 2011 loona za chuma cha masiye lili ndi kagawidwe kake pamene munthu wamwalira osalemba wilo, ndipo limaletsa kulanda chuma. Msilamu wofuna kuti nyumba yake idzagawidwe mwa Shariya alembe wilo akadali moyo.

Udindo wa wogulitsa ndi wogula

Surah Al-Mutaffifin ikuchenjeza anthu ochepetsa muyeso, ndipo kuonjezera mamita pa puloti n'chimodzimodzi ndi kubera pa sikelo. Wogulitsa anene chilema chimene akuchidziwa: kuti madzi analowa, kuti mng'alu unamatidwa, kuti malire ali pa mkangano. Wogula naye asapezerepo mwayi pa munthu amene akugulitsa chifukwa cha matenda kapena njala. Mgwirizano ulembedwe pamaso pa mboni, ndipo mulembedwe miyeso ya puloti ndi ya nyumba, malire a mbali zonse zinayi, mtengo ndi masiku olipirira.

Wolipira pang'onopang'ono agwirizane mtengo umodzi wodziwika pa tsiku la mgwirizano, umene sudzakwera chifukwa cha kuchedwa, kuti apewe riba. Ndalama ya katapira, kuonjezera pa kuletsedwa kwake, imasokoneza masamu onse: nyumba ya K300,000 pa sikweya mita imatha kukudyerani kawiri.

Pali zina zimene nambala siingakuuzeni. Kuchigwa mizikiti ndi madrasa n'zotalikirana kusiyana ndi kunyanja, choncho yendani wapansi mtunda wochoka panyumbapo kukafika ku mzikiti, kusukulu, kumsika ndi kuchipatala, muone ngati ana ndi okalamba angaukwanitse. Ndipo ngati n'kotheka, kaoneni nyumbayo kawiri, m'chilimwe ndi m'dzinja. Mukatero, khalani pansi ndi kope lanu: kukula kwa puloti, kukula kwa nyumba, mtengo wa malo paokha, mtengo wa sikweya mita ya nyumba, ndalama zokonzera, ndi mtundu wa mapepala. Mizere isanu ndi umodzi imeneyi ikadzaza pa nyumba zitatu, mwakonzeka kukambirana mtengo.